"Kumveka Bwino" N'kutani? Kuunika Mawu Ofotokozera Zipangizo Zoimbira Nyimbo M'nyumba

Munthu akalowa m'sitolo kukagula wailesi, sipika kapena chipangizo china choimbira nyimbo m'nyumba, amafunsa funso limodzi: kodi chimenechi chimamveka bwino? Wogulitsa amakweza besi mpaka mawindo kunjenjemera, kenaka n'kuyankha kuti chimamveka bwino zedi. Mawu omwewa alowanso m'zolemba. Mlembi akafuna kunena kuti chipangizo chimatulutsa mawu monga momwe anajambulidwira, amalemba kuti chimamveka bwino. Akafuna kunena kuti chipangizocho chimasintha mawuwo kuti akome m'khutu, amalembanso kuti chimamveka bwino. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo nthawi zina n'zotsutsana. Mkangano wa pakati pa mbali ziwirizi wakhala ulipo ku America ndi ku Ulaya kwa zaka zoposa 100, ndipo Chichewa sichingathe kuufotokoza bwino ngati mbali zonse zikutchulidwa ndi dzina limodzi.

Njira zitatu zimene chipangizo chimasinthira mawu

Liwu lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Akatswiri amawerenga kuti mpweyawo wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo chiwerengerocho amachilemba ndi chizindikiro cha Hz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz kufikira 20,000 Hz. Mawu abesi, monga a ng'oma yaikulu, ali m'munsi mwa muyeso umenewu. Mawu aang'ono, monga a maseche ndi a likhweru, ali pamwamba.

Chipangizo chikhoza kupatuka pa mawu amene chapatsidwa m'njira zitatu. Poyamba, chikhoza kukondera: kukuza gawo lina la mawu ndi kuchepetsa lina, monga pamene besi ikumiza mawu a woimba. Kachiwiri, chikhoza kupotoza: kubala mawu atsopano amene munalibe m'nyimbomo. Kachitatu, chikhoza kuwonjezera phokoso lakelake, monga kulira kwa tepi yakale kapena kuthetheka kwa chimbale chokandika. Mawu a Chingerezi akuti high fidelity amanena za chipangizo chimene chachepetsa zitatu zonsezi mpaka khutu silingazimve. Pachiyambi mawuwa sanali ongotsatsira malonda okha. M'chaka cha 1966 dziko la West Germany linakhazikitsa muyeso wotchedwa DIN 45500, umene unkanena malire amene chipangizo chinayenera kukwaniritsa chisanapatsidwe dzinalo. Choncho womasulira amene walemba "kumveka bwino" m'malo mwa mawu amenewa wataya chinthu chachikulu: wasandutsa nkhani yoyezeka kukhala nkhani ya zokonda za munthu.

Khutu lokha si mboni yokwanira

Ena amati nkhaniyi njosavuta, pakuti aliyense ali ndi makutu ndipo akhoza kudziweruzira yekha. Mbiri ikutsutsa ganizo limeneli. Kuyambira mu 1915, kampani ya Thomas Edison inkachita zionetsero m'maholo a ku America. Woimba ankaima pafupi ndi galamafoni, n'kumaimba pamodzi ndi chimbale chake. Nthawi zina magetsi ankazimitsidwa, woimbayo n'kuchoka mwakachetechete, ndipo akayatsidwa anthu ankadabwa kuona kuti akhala akumvera makina okha. Komatu zimbale za nthawiyo zinkajambulidwa popanda maikolofoni, ndipo zinkasunga kagawo kochepa chabe ka mawu amene khutu limamva. Patapita zaka zambiri, mmodzi wa oimbawo, Anna Case, anaulula kuti ankasintha kaimbidwe kake kuti kafanane ndi ka galamafoniyo. Omverawo sankanama. Ankamva zimene anawakonzeratu kuti amve.

Chitsanzo chachiwiri chikuonetsa mbali ina ya vutoli. Mu 1945, Howard Chinn ndi Philip Eisenberg a ku wailesi ya CBS anafalitsa zotsatira za kafukufuku zoonetsa kuti omvera ambiri ankakonda mawu odulidwa pamwamba kuposa mawu athunthu. Zikanakhala kuti nkhani inathera pomwepo, okonda zokometsera akanapambana. Koma mu 1947 Harry Olson wa ku kampani ya RCA anayesa mwa njira ina. Iye anaika gulu la oimba enieni kuseri kwa nsalu, ndipo pakati pa oimbawo ndi omvera anaikapo chotchinga chimene chinkatha kutsekereza mawu opitirira 5,000 Hz. Panalibe sipika kapena waya wina aliyense. Omvera ambiri anasankha mawu athunthu. Tanthauzo lake linali lakuti anthu a mu 1945 sankadana ndi mawu aang'ono. Ankadana ndi kupotoka kumene zipangizo za nthawiyo zinkaika m'mawu amenewo, ndipo kudula mawuwo kunkangobisa chilemacho.

Mfundo imeneyi inalimbikitsidwa ndi ntchito ya Floyd Toole ku National Research Council mumzinda wa Ottawa ku Canada, imene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1985 ndi 1986. Iye ankabisa masipika kuseri kwa nsalu yodutsa mawu, n'kuwalinganiza kuti asapambanane kukwera, kenaka omvera n'kumapereka malikisi. Anapeza kuti anthu amene makutu awo ali bwino amagwirizana kwambiri, ndipo masipika amene ankawakonda ndi omwe miyeso inkaonetsa kuti sakondera gawo lililonse la mawu. Mu 1994, Toole ndi Sean Olive anaonetsanso kuti nsalu ija ikachotsedwa, malikisi amasintha motsatira kukula, maonekedwe ndi dzina la sipika. Mpofunika kunena kuti pa nthawiyi awiriwa ankagwira ntchito ku Harman, kampani imene imagulitsanso masipika, motero wowerenga ali ndi ufulu wofunsa mafunso. Komabe njira imene anagwiritsa ntchito inalembedwa poyera kuti aliyense aibwereze, zimene sizichitika ndi umboni wa munthu amene wangomvera m'chipinda chake akuona mtengo wa chipangizocho. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pankhani ya masipika, maso ndiwo amayamba kukopeka, khutu n'kutsatira.

Zimene okonda zokometsera amanena

Kungakhale kukondera kunena kuti mbali inayo ilibe mfundo. Ili nazo zinayi, ndipo zonse n'zofunika kuziyankha.

Yoyamba ndi ya ma ampulifaya akale ogwiritsa ntchito timachubu tagalasi totchedwa valve. Ambiri mwa amenewa, makamaka a kapangidwe kosavuta, amapotoza mawu powonjezera liwu lonjenjemera kawiri kuposa loyambalo. Liwu lotere limagwirizana ndi loyambalo monga momwe mawu a mayi amagwirizanirana ndi a bambo akamaimba nyimbo imodzi, wina pamwamba wina pansi. Choncho khutu silikumva ngati chilema, koma ngati kunenepa kwa mawu. Anthu amene amakonda zimenezi sakulakwa kuzikonda. Kulakwa kumabwera pamene mlembi anena kuti chipangizo chotere chikuvumbula zimene zinabisika m'nyimbo, pamene chikuwonjezera zake. Mu 1985, katswiri wina, Bob Carver, anauza akonzi a magazini ya Stereophile kuti akhoza kusintha ampulifaya yake yotsika mtengo kuti imveke ngati ina iliyonse imene iwo angasankhe. Anamusankhira yodula kwambiri ya ma valve, ndipo m'masiku ochepa anaifananitsa mpaka akonziwo anavutika kusiyanitsa ziwirizo. Izi zinaonetsa kuti kukoma kuja kunali kusintha kwa mawu kumene munthu akhoza kuyeza ndi kutsanzira.

Yachiwiri ndi ya zimbale zakuda za singano, zimene mtundu wake woimba nthawi yaitali unatuluka mu 1948. Ambiri amati zimenezi zimakoma kuposa CD, imene Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982. Poyeza, CD ili ndi phokoso lochepa, imasiyanitsa bwino mawu a kumanzere ndi a kumanja, ndipo siipiraipira pamene nyimbo ikuyandikira kumapeto monga momwe chimbale chimachitira singano ikamafika m'kati. Komabe odandaulawo ali ndi pogwira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anayamba kufinya nyimbo kuti zizimveka zokwera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kuchotsa kusiyana kwa pofatsa ndi pokwera. Mu 2008 okonda gulu la Metallica anadandaula poyera za chimbale cha Death Magnetic pa chifukwa chomwechi. Apa vuto silinali la CD, koma la zimene anthu anasankha kuikamo. Chipangizo chokhulupirika chimaonetsa ntchito yoipa monga momwe ilili, ndipo womvera akhoza kuchiimba mlandu umene si wake.

Yachitatu ndi ya khutu lenilenilo. Mu 1933, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories anaonetsa kuti mawu akatsitsidwa, khutu limayamba kutaya besi msanga kuposa mawu apakati. Munthu amene akumvera nyimbo motsitsa usiku, ana ali m'tulo, sakumva mlingo umene wojambula anaumva mu situdiyo. Akawonjezera besi pang'ono amakhala akubwezeretsa zimene khutu lake lataya. Kafukufuku wa Olive ndi anzake pa mahedifoni anapezanso kuti anthu amasiyana pa kuchuluka kwa besi imene amaifuna: achinyamata amakonda yochulukirapo kuposa achikulire.

Yachinayi ndiyo yolimba kuposa zonse. Amafunsa kuti: kodi kukhulupirikako n'kukhulupirika kwa chiyani? Nyimbo zambiri za masiku ano sizinaimbidwepo pamalo amodzi nthawi imodzi. Gitala amajambulidwa lero, mawu mawa, ndipo zonse zimasakanizidwa ndi munthu amene akumvera pa masipika ake, m'chipinda chake. Ngati masipikawo anali ochepa besi, iye anawonjezera besi yambiri m'nyimbomo osadziwa. Toole yemwe anavomereza vuto limeneli m'buku lake la Sound Reproduction, limene linatuluka koyamba mu 2008, ndipo analifotokoza ngati kuzungulira kosatha: masipika amaweruzidwa ndi nyimbo zimene zinakonzedwa pa masipika ena osadziwika.

Kukometsera kuli ndi mwini wake

Mfundo zinayizi zikutsimikiza kuti womvera ayenera kukhala ndi mpata wosintha mawu. Sizikutsimikiza kuti kusinthako kuzimangidwa m'chipangizo momwemo mosatheka kuchotsa. Nyimbo ina inajambulidwa ndi besi yochepa, ina ndi yochuluka. Sipika yowonjezera besi nthawi zonse ikonza yoyambayo ndi kuwononga yachiwiriyo. Zili ngati mbale imene imathira mchere wake pa ndiwo iliyonse: tsiku limene wophika waiwala mchere idzayamikidwa, koma masiku ena onse idzawononga chakudya. N'chifukwa chake njira yanzeru ndiyo kukhala ndi chipangizo chosakondera pamodzi ndi mabatani osinthira besi ndi mawu aang'ono, amene munthu akhoza kuwabwezera pakati akafuna.

Zoimbira za kuno kwathu zikuthandiza kumvetsa nkhaniyi kuposa zitsanzo zakunja. Valimba wa ku Nsanje ndi ku Chikwawa amakhala ndi zikho kunsi kwa matabwa ake. Pa chikho chilichonse pamabooledwa kabowo, ndipo mwamwambo pakabowopo pankamatidwa kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake, kuti thabwa likamenyedwa pazimveka kulira konzunzuma. Oimba kalimba amamangirira tizitsulo kapena zitsekerero za mabotolo pa cholinga chomwecho, ndipo oimba ng'oma amamata phula pachikopa kuti liwu litsike. Zonsezi ndi kukometsera, koma wokometserayo ndi mwini nyimbo, ndipo zimene wawonjezerazo ndi mbali ya nyimboyo. Sipika yofewetsa mawu, imene otsatsa malonda amaitama kuti sitopetsa khutu, imafafaniza kunzunzuma kumene woimba valimba anakuvutikira. Sipika yong'ambika nayo imaika kunzunzuma kwake pa nyimbo ya kwaya imene inalibe. Chipangizo chosakondera chokha ndicho chimalola kuti valimba amveke ngati valimba ndipo kwaya imveke ngati kwaya.

Olemba za zipangizozi ku America nawonso anafika pozindikira zimenezi. J. Gordon Holt, amene anayambitsa Stereophile mu 1962 ndi cholinga choweruza zipangizo pomvera, anatulutsa mu 1990 buku lomasulira mawu ofotokozera kamvekedwe, pofuna kuti liwu lililonse likhale ndi tanthauzo limodzi. Pofunsidwa mafunso mu 2007, iye anadandaula kuti ntchito imene anaiyambitsa inasiya kufunafuna mawu enieni a zoimbira n'kuyamba kutsata zongokomera munthu, ndiponso kuti inataya ulemu pokana kuyesedwa mobisa. Dandaulo limeneli likuchokera kwa munthu amene ankakhulupirira khutu, osati kwa wokonda manambala.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi ndi akonzi

Mphunzitsi wa chiyankhulo amene akugwiritsa ntchito mawu ojambulidwa m'kalasi sakufuna kusangalatsa ophunzira chabe. Akufuna kuti amve kusiyana kwa malembo. Kusiyana kwa "pala" ndi "phala", kapena "kola" ndi "khola", kuli pa kampweya kakang'ono kotuluka pambuyo pa lembo loyamba. Kusiyana kwa "sula" ndi "fula" kuli m'mawu aang'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chake malembo awiriwa ankasokonekera pa lamya zakale, zimene zinkadutsitsa mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha. Sipika yogunda kwambiri, imene achinyamata angaiyamikire paukwati, imamiza zizindikiro zimenezi. Mphunzitsi amene wawerenga kuti sipikayo "imamveka bwino" akhoza kuigulira sukulu n'kudabwa kuti ophunzira akulephera kalembera wa mawu.

Nkhaniyi ikukhudzanso osunga mbiri. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo m'dziko la Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Matepi otere akamasamutsidwira pa kompyuta, pamakhala chiyeso chochotsa phokoso lonse ndi kuwonjezera besi kuti nyimbozo zifanane ndi za lero. Bungwe la osunga zojambulidwa la International Association of Sound and Audiovisual Archives limalangiza kuti kope losungidwa lizitengedwa popanda kulikonza, ndipo kukonza kulikonse kuzichitika pa kope lina. Akonzi a mabuku akulidziwa kale lamulo limeneli. Munthu amene akulemba nthano kuchokera pakamwa pa gogo wa ku Ntcheu, n'kusintha mawu ake onse kuti agwirizane ndi Chichewa cha m'mabuku a sukulu, watulutsa nkhani yosalala koma wafafaniza mayankhulidwe a gogoyo. Kukonza koteroko n'kololedwa pokhapokha owerenga auzidwa kuti kwachitika.

Mawu ofunika kuwalingalira

Vuto lina limene likuoneka m'zomasulira ndi kutenga mafanizo a Chingerezi monga momwe alili. Azungu amafotokoza mawu ngati ofunda, owala kapena opakidwa utoto. Mchewa akamva kuti wailesi ili ndi mawu ofunda, akhoza kuganiza kuti yatentha. Womasulira ayenera kufunsa chimene chikuchitika m'mawumo, n'kuchinena. Mawu amene Azungu amati ndi ofunda ndi amene besi yake yakuzidwa pang'ono ndipo mawu aang'ono achepetsedwa. Amene amati ndi owala ndi amene mawu aang'ono akuzidwa.

Palinso chisokonezo china cha m'Chichewa momwemo. "Kukweza mawu" kumatanthauza kuwonjezera mphamvu ya liwu, koma woyang'anira kwaya akati nyimbo yakwera amatanthauza kuti yayambidwa pamwamba. Mlembi wa nkhani za zipangizo ayenera kusankha tanthauzo limodzi ndi kulisunga m'nkhani yonse. Poganizira zonsezi, mawu otsatirawa akhoza kuthandiza:

(a) Kubweza mawu mokhulupirika: kutulutsa mawu monga momwe anajambulidwira, popanda kuwonjezera kapena kuchotsa. Amenewa ndiwo ayenera kuimira high fidelity.

(b) Kukometsera mawu: kusintha mawu mwadala kuti akome m'khutu. Mneni ameneyu ali kale ndi kamthunzi koyenera, pakuti wokometsera nkhani amadziwika kuti wawonjezera zake.

(c) Kukondera kwa chipangizo: kukuza gawo lina la mawu kuposa lina, kaya mwadala kaya chifukwa cha kapangidwe kolakwika.

(d) Kupotoka kwa mawu: kubadwa kwa mawu atsopano amene munalibe m'chojambulidwacho.

(e) Phokoso la chipangizo: kulira kumene kumamveka ngakhale nyimbo italeka.

(f) Kukwera ndi kutsika zisungidwe pa mphamvu ya liwu. Ponena za malo a liwu m'nyimbo, kulembedwe mawu abesi, mawu apakati ndi mawu aang'ono.

Mawu akuti "kumveka bwino" asatayidwe. Ali ndi ntchito yake, yonena kuti munthu wakondwera ndi zimene wamva. Koma mkonzi akawapeza m'nkhani yofotokoza chipangizo, kapena m'buku lophunzitsira sayansi, ayenera kubweza nkhaniyo kwa mlembi ndi funso lakuti: kodi mukutanthauza kuti chipangizochi chikubweza mawu mokhulupirika, kapena chikuwakometsera? Mlembi akalephera kuyankha, ndiye kuti wangobwereza mawu a wogulitsa, ndipo chiganizocho sichinayenere kusindikizidwa.